Mwana wandipempha mabuku a Hades ndi Persephone, ndimugulire?

Amake Chisomo
Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Ndili ndi funso, koma musandiseke. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3, zaka 16. Chiyambire chaka chatha wangoti kakaka ndi nthano za Agiriki, moti galu wathu amene tonse timamuitana kuti Bruno iye anamusintha dzina, akuti ndi Cerberus, galu wa mitu itatu wa m'nthanozo, chonsecho mutu ali nawo umodzi wokha. Tsopano azakhali ake a ku Joni akubwera mwezi wamawa, ndiye wawalembera mabuku oti amugulire. Pamwamba penipeni walemba Neon Gods, pansi pake A Touch of Darkness. Ndayang'ana zikuto zake pa intaneti, sindikuonapo choipa, palibe ngakhale anthu ogwirana manja. Iye akuti ndi nkhani ya Hades ndi Persephone basi, ngati zomwe amawerenga kale. Alipo anawerengako? Ndiwauze azakhali akewo agule?

NaJere
Asisi, imani kaye. Musatumize uthengawo.

NaJere
Onse awiri ndinawerenga. Si a ana. Ndikubwerezanso, si a ana. Ndi mabuku achikondi a anthu akuluakulu, ndipo za kuchipinda sazizemba, amafotokoza mwatsatanetsatane. Aja tinkabisa kunsi kwa matiresi ku sekondale aja, ambiri ankati anthu akangopsompsonana chitseko n'kutsekeka, mutu wotsatira n'kuyamba kutacha. Awa khomo lili pululu, nyali ili ngwee.

Tiya
Kkkkk chikomekome cha mkuyu, mayi. Ku TikTok owerenga mabuku amenewa amawayeza ndi tizithunzi ta tsabola. Katsabola kamodzi ndiye kuti n'zofatsa, tikafika tisanu musawerengere mu minibasi. Neon Gods ndi kambuzi weniweni.

Amake Chisomo
Mayo ine. Ndiye mwanayu akudziwa zimenezi, kapena wangokopeka ndi mayina a milunguwo?

Tiya
Zonse n'zotheka, musamuweruziretu. Zikuto za masiku ano zimapusitsa. Kale buku lotere unkalidziwira patali, pachikuto pali mwamuna wosavala malaya. Pano amangojambula duwa, mpando kapena chipatso, ena mpaka zidole ngati katuni. Komanso mukalemba pa foni kuti mukufuna mabuku a nthano za Agiriki, amakutulutsirani onse pamodzi, a ana ndi a akulu omwe.

Jekete
Ife amuna tikuloledwa kuyankhulapo, kapena tizingomvera kuseri kwa mpanda?

Adimini
A Jekete yankhulani, koma mwaulemu. Pa gulu pano pali azibusa ndi apongozi a anthu.

Jekete
Funso langa ndi limodzi. Hades si uja wa kumoto? Ndiye atsikana dziko lonse lapansi akulirira Satana tsopano? Ife tili pano ndi mtima wabwino, sitikuonedwa.

Mayi a Mvano
Ndi zomwenso ndimafuna kufunsa. Zolaula pazokha ndi tchimo kale, kuwonjezapo milungu yachikunja, kenako mwamuna wake n'kukhala mwini Hade. Pa Luka 16 mwini chuma uja anakweza maso ali m'Hade, ali m'mazunzo. Amake Chisomo, ine ndikuti musayerekeze n'komwe.

A Gama
Mayi a Mvano, zoti mwana asagulidwe mabukuwa ndikugwirizana nanu. Koma pa Hades ndikonzeko pang'ono. Kwa Agiriki akale Hades sanali Satana. Sankanyenga anthu kuti achimwe, sankalimbana ndi milungu inzake. Anali mlonda wa dziko la akufa, komwe aliyense ankapita, wabwino ndi woipa yemwe. Nthano imati ana aamuna atatu a Kronos atagonjetsa bambo awo anachita mayere. Zeus anapeza kumwamba, Poseidon nyanja, Hades kunsi kwa nthaka. Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki, ndiye alembi ake anagwiritsa ntchito liwu lomwe anthu ankalidziwa kale ponena za malo a akufa. Ngakhale pa Machitidwe 14, anthu aja ataona wolumala wachiritsidwa anati Barnaba ndi Zeus, Paulo ndi Hermes chifukwa ndiye ankatsogolera kulankhula. Mayinawa mwakhala mukuwawerenga m'tchalitchi.

Agiriki ankaopa kutchula dzina lake, ndiye ankamutchanso Plouton, kutanthauza wachuma, poti mbewu ndi miyala ya mtengo wapatali zimachokera pansi. Olemba a masiku ano akamamuveka suti yakuda n'kumupatsa makampani, sanapite patali kwenikweni.

Jekete
Ndamva. Vuto langa si mtima, ndi makampani.

NyaTembo wa ku Chipata
A Gama munaziphunzira kuti zimenezi? Munali ku Kamuzu Academy?

A Gama
Ayi mayi, ku Mtunthama ndinkangodutsa pa basi. Kumeneko ndi komwe a Kamuzu anatsegula sukulu mu 1981 n'kulamula kuti ana aziphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Ine ndinakumana nazo ku Chanco, ku Zomba, m'kalasi ya Classics. Ndinalowamo poganiza kuti n'zophweka. Ndinalira nazo.

Amake Chisomo
NaJere, tandifotokozereni nkhani yake mwachidule, kusiya za tsabolazo. Ndikufuna ndikamamukaniza ndidziwe chomwe ndikukana.

NaJere
Chabwino. A Touch of Darkness analemba Scarlett St. Clair, linatuluka mu 2019. Milungu ikukhala pakati pa anthu mumzinda wamakono wotchedwa New Athens, ili ngati anthu otchuka omwe atolankhani amawathamangira. Persephone ndi mtsikana wa ku yunivesite, akuphunzira utolankhani, akubisa kuti ndi mulungu wamkazi. Amayi ake Demeter anamulera momutsekera, ndipo ngakhale amati ndi mwini nyengo ya maluwa, iye akakhudza duwa limafota. Hades ali ndi kalabu ya usiku komwe anthu amatchova naye juga. Mtsikanayo aluza masewera a makadi, n'kupezeka wamangika pa mgwirizano woti ameretse moyo ku dziko la akufa. Zotsatira zake mukuzidziwa kale.

Neon Gods ndi la Katee Robert, la 2021, loyamba pa mndandanda wotchedwa Dark Olympus. Umu milungu si milungu n'komwe. Zeus, Hera, Demeter ndi mayina a maudindo, ngati mmene timanenera kuti Gomani kapena Kalonga, munthu amalowa dzinalo. Alipo 13 olamula mzinda wa Olympus. Demeter, pofuna mphamvu, akonza zoti pa phwando kulengezedwe kuti mwana wake akwatiwa ndi Zeus, nkhalamba yomwe anthu amanong'ona kuti inapha akazi ake akale. Mtsikanayo athawa usiku womwewo, awoloka mtsinje wa Styx kupita kumunsi kwa mzinda, n'kukapeza kuti Hades amene onse amati kulibe alipo ndithu.

NyaTembo wa ku Chipata
Wokwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima, koma uyu anaopa kkkk.

Tiya
Ndipo ndi chomwe ndimawakondera mabukuwa. Mtsikana akuyenda yekha ndi miyendo yake kupita kwa Hades. Palibe womunyamula.

A Gama
Apo ndi pomwe ine ndimakhumudwa nawo, osati pa za tsabola. Ndiloleni nditalikitse pang'ono, amene bandulo yatsala pang'ono adumphe.

Nkhani yathunthu yakale kwambiri ya awiriwa ili mu ndakatulo ya mizere 495 yomwe inapekedwa cha m'ma 600 Yesu asanabadwe. Inatipeza mwamwayi, chifukwa inasungika m'buku limodzi lokha lolemba pamanja, lomwe linapezeka ku Moscow mu 1777. Ndakatuloyo si ya Hades, si ya Persephone. Ndi nyimbo yotamanda Demeter. Mwini nkhani ndi mayi.

Pa mzere wachitatu pali mawu awiri ogundana: Hades anamulanda, Zeus anamupereka. Zeus ndi bambo ake a mtsikanayo. Abambo awiri anapangana, mayi osauzidwa. Mwana akuthyola maluwa ndi anzake kudambo, aona duwa lokongola kuposa onse, lomwe linameretsedwa dala ngati nyambo. Atangotambasula manja, nthaka ing'ambika, Hades atulukira pa galeta la akavalo n'kumukwatula akukuwa. Akuitana bambo ake, bambo akewo ali kutali m'kachisi akulandira nsembe za anthu.

Demeter amva kulirako kukumveka m'mapiri. Masiku 9 akuzungulira dziko ndi miuni m'manja, osadya, osamwa, osasamba. Palibe womuuza zoona, mulungu kapena munthu. Tsiku la 10 mulungu wina wamkazi, Hecate, ndiye amuperekeza kwa Helios, dzuwa, amene amaona zonse. Helios amuuza kuti ndi Zeus anachita zimenezi, kenako awonjeza kuti leka kulira, mkamwini wapezayu si wamba, ndi mfumu.

NyaTembo wa ku Chipata
Eee! Mawu amenewo ndinawamvapo ndi makutu angawa. Mtsikana akulira, akuluakulu akuti ukulira chiyani, mwamunayo ali ndi chigayo.

Mayi a Mvano
Osadya, osasamba, kuyendayenda usiku. Ameneyo ndi namfedwa.

A Gama
Mwalasa, mayi. Kupita kwa Hades ndi kufa. Agiriki mtsikana akamwalira asanakwatiwe ankati wakwatiwa ndi Hades. Komanso ku Athens atsikana ankakwatiwa ali ndi zaka 14 kapena 15 kwa amuna a zaka za m'ma 30, bambo ndiye ankapangana ndi mkamwini, mwana n'kusamukira kwa mwamuna. Kwa mayi wotsalayo ukwati ndi maliro zinkafanana. Ndakatuloyi ikunena zonse ziwiri nthawi imodzi.

Ndipitirize. Demeter anyanyala kwa milungu inzake, adzisandutsa nkhalamba, akakhala pa chitsime ku Eleusis, tawuni yomwe lero ndi Elefsina, makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku Athens. Alembedwa ntchito yolera khanda la mfumu. Akhala pampando osayankhula, nkhope ataphimba, mpaka wantchito wina wamkazi dzina lake Iambe amuseketsa ndi nthabwala. Pambuyo pake achita chinthu chimodzi chomwe chili m'manja mwake: atseka nthaka. Chaka chonse ng'ombe zikukoka mapulawo pachabe, barele akufesedwa osamera. Zeus sanasunthike chifukwa cha chisoni. Anasunthika ataona kuti anthu akatha ndi njala, wopereka nsembe sapezeka. Atuma milungu yonse mmodzimmodzi ndi mphatso, mayiyo akuti sindibwera, mbewu sizimera, mpaka ndione mwana wanga ndi maso angawa.

Hermes, mthenga wa milungu, atatumidwa kunsi, apeza mtsikanayo ali khuma, akulakalaka amake. Hades avomera kuti apite, koma amudyetsa mobisa njere ya khangaza, chipatso chija timawerenga mu Nyimbo ya Solomo. Wadya cha kumeneko sachokako kotheratu. Ndiye mgwirizano unali woti gawo limodzi mwa magawo atatu a chaka azikhala kwa mwamuna, awiri kwa amake. Ndipo pofotokozera amake, mtsikanayo akunena yekha kuti njereyo anamudyetsa mokakamiza.

Tsono taonani. Mayi yekhayo amene anaimirira mwana wake pomwe amuna onse anapangana, ndi amene mabuku a lerowa amusandutsa mfiti. Wolanda uja ndiye wasanduka mpulumutsi.

Jekete
Mwati miyezi ina kwa mwamuna, ina kwa amake? Ndiye ankhoswe anagamula pakati pa chitengwa ndi chikamwini.

NyaTembo wa ku Chipata
Kkkkk koma zoona. Kwathu nkhani imeneyi siikanafika patali. Bambo kupereka mwana mayi osadziwa, malume osadziwa? Mwini mbumba akanaitanitsa bwalo tsiku lomwelo.

A Gama
Mwini mbumbayo ndiye vuto, mayi. Hades, Zeus ndi Demeter ndi a mimba imodzi, ana a Kronos ndi Rhea. Kwa Persephone, Hades ndi malume ake kudzera kwa amake, komanso ndi bambo ake aakulu kudzera kwa Zeus.

Mayi a Mvano
Ambuye tichitireni chifundo.

NaJere
Musadandaule mayi, chimenecho olemba amakono amachichotsa msangamsanga. Mumabukuwa palibe chibale pakati pawo.

Tiya
A Gama, ndawerenga zonse mwalembazi ndipo ndaphunzirapo. Koma ndikutsutsani. Mukuyankhula ngati nthanoyi inali imodzi yokha, wina n'kubwera kudzaiwononga mu 2019. Inuyo mukudziwa kuti Ovid, mlakatuli wa ku Rome uja, anaisintha kale zaka 2,000 zapitazo. Kwa iye njere zinali 7, mtsikanayo anathyola yekha chipatsocho m'munda, ndipo chaka anachigawa pakati, miyezi 6 uku 6 uko. Ndi iyenso analemba zoti Venus, mulungu wamkazi wa chikondi, anatuma mwana wake Cupid kuti alase Hades ndi muvi wachikondi. Ovid akasintha mukuti ndi luso, mzimayi wa ku America akasintha mukuti waononga. Agogo anga nthano ya Kalulu ankaisintha usiku uliwonse malinga ndi mwana amene wapalamula tsiku limenelo.

Chachiwiri. Mwatiuza nokha kuti mu ndakatulo ija mtsikanayo akupatsidwa, akulandidwa, akudyetsedwa, akugawidwa. Zonse akuchitiridwa. Ndiye akazi a lero akamati tiyeni timupatse pakamwa, anene yekha chomwe akufuna, cholakwika n'chiyani?

A Gama
Pa Ovid mwandigwira, Tiya, sindikana. Ndikuwonjezerani chida china choti mundimenyere. Ku Locri, mzinda wa Agiriki kummwera kwa Italy, anafukula timapale tadothi tambirimbiri ta m'zaka za m'ma 400 Yesu asanabadwe. Pena akuonetsa kulandidwa kuja, koma pena Persephone ndi Hades akhala limodzi pampando wachifumu ngati banja lolongosoka, ndipo kumeneko Persephone ankapembedzedwa ngati woteteza maukwati. Kwa Homer, mlakatuli wakale wa Agiriki, nayenso si kamtsikana kolira, ndi mfumukazi yoopsa ya akufa. Ndiye mbali imene mukuikondayo ili ndi mizu yake.

Dandaulo langa ndi lakuti pomupatsa pakamwa mwanayo, anawalanda pakamwa amake. Kodi sizikanatheka onse awiri kukhala anthu?

Tiya
Zikanatheka, koma buku lachikondi limafuna chotchinga. Hades mukamuyeretsa, Zeus ali patali, wotsala pafupi ndi mayi. Komanso tisanamizane, ambiri mwa ife amene anatitsekera pakhomo si mfumu ya akufa. Ndi amayi athu. Ine ndinafika zaka 22 ndikufunsidwabe kuti wakuimbira foni ndani. Ndikawerenga za mtsikana woleredwa ngati duwa la m'nyumba ya galasi, sindiganiza za Greece.

Amake Chisomo
Tiya, mawu amenewo andilowa ngati minga.

Tiya
Pepani mayi, sindimanena inu.

Amake Chisomo
Ayi, nenani. Foni ya Chisomo ndimaiyang'ana Lamlungu lililonse.

NaJere
Ine ndiyankhe funso la a Jekete lija, loti akazi akuona chiyani mwa Hades, poti palibe waliyankha. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku UK, kawirikawiri usiku. Cha m'ma 3 koloko, onse atagona, kunja kukuzizira, umafuna nkhani yomwe ukudziwa kuti ithera pabwino. Lamulo la mabuku achikondi ndi limenelo, awiriwo ayenera kuthera limodzi, apo ayi owerenga amakwiya. Tsono Hades wa m'mabukuwa ndi mwamuna amene dziko lonse limamuopa, koma kwa mkazi mmodzi yekha amafatsa. Amafunsa kaye asanachite kanthu. Mkazi akati ayi, amasiya. Akapsa mtima sapsera iye. Alibe chibwenzi kuseri, kusiyana ndi mng'ono wake Zeus amene ana ali mbwee dziko lonse. Suti ndi ndalama n'zokometsera chabe. Chomwe chikugulitsa mabukuwa ndi mwamuna wamphamvu amene mphamvu zakezo sakuopsezera nazo mkazi wake. Ambiri mwa ife tinakula tikuona zosiyana ndi zimenezo.

Jekete
Ndalemba m'kope. Kufunsa kaye. Kufatsa. Makampani.

A Gama
Zoti alibe chibwenzi nazonso anamuyeretsa pang'ono. Pali nthano ya Minthe, mkazi amene Hades ankamufuna, Persephone n'kumupondaponda mpaka kusanduka kachitsamba konunkhira kaja timathira mu tiyi. Koma pomuyerekeza ndi Zeus, inde, ndi m'busa.

Mayi a Mvano
NaJere mwanawe, ndakumva, ndipo sindikuweruza. Koma ine mantha anga ali apa. Iwe ndiwe wamkulu, ukudziwa kuti mwamuna woopsa kwa onse koma wofatsa kwa iwe wekha amapezeka m'buku mokha. Ife kumvano timalandira atsikana amene anakhulupirira zimenezo. Ankati amamenya anthu ku bawo koma ine sangandikhudze. Mwana wa zaka 16 akawerenga kuti mwamuna wamkulu, wachuma, wokutsekera m'nyumba mwake ndiye chikondi chenicheni, ndipo mayi wokuletsa ndiye mdani, mawa akaima wa galimoto pa geti ya sukulu adzamuona ngati ndani?

NaJere
Apo sinditsutsa, mayi. N'chifukwa chake ndinayamba ndi kunena kuti imani kaye.

Tiya
Inenso pa zaka 16 sindikutsutsa. Ndimangokana zoti akazi akuluakulu sitingasiyanitse buku ndi moyo. Amuna amaonera mafilimu owomberana tsiku lililonse, palibe amawafunsa ngati akufuna kukhala zigawenga.

NyaTembo wa ku Chipata
Kodi onse ndi a Hades ndi Persephone okhaokha? Milungu ina ilibe zibwenzi?

NaJere
Alipo ambiri, koma awiriwa ndiwo amalamula msika. Mndandanda wa Dark Olympus uja buku lachiwiri ndi la Eros ndi Psyche, lachitatu la Helen, Achilles ndi Patroclus. Ena amalemba za Ariadne, uja anathandiza Theseus kupha chilombo kenako Theseus n'kumusiya ali mtulo pa chilumba cha Naxos, Dionysus n'kudzamutola. Ena za Medusa. Palinso Lore Olympus, nkhani ya zithunzi ya Rachel Smythe wa ku New Zealand, yomwe inayamba pa Webtoon mu 2018 n'kutha mu 2024. Imeneyo imawerengedwa pa foni, ndipo Amake Chisomo musadabwe mukapeza kuti mwana wanu anaiona kale. Ilibe zolaula ngati mabuku awiri aja, koma muli nkhani ya kugwiriridwa, ndiye ndi yofunika kukambirana naye.

A Gama
Ya Eros ndi Psyche ndiikire ndemanga, chifukwa imandisangalatsa. Anthu amaiyesa ya Agiriki, koma amene anailemba yathunthu ndi Apuleius, m'Chilatini, m'zaka za m'ma 100 Yesu atabadwa, ndipo kwawo kunali ku Madauros, komwe lero ndi ku Algeria. Munthu wa mu Africa muno. Nkhani yake ndi ya mtsikana wokwatiwa ndi mwamuna amene amabwera usiku wokha ndipo saloledwa kumuona nkhope, abale ake ansanje n'kumunyengerera kuti ayatse nyali. Mdani wamkulu mmenemo ndi apongozi aakazi, Venus, amene amupatsa ntchito zosatheka, yoyamba kusankhula mulu wa mbewu zosakanikirana kusanade. Nyerere ndizo zinamuthandiza.

NyaTembo wa ku Chipata
Apongozi kukuthirira mapira, mawere ndi nyemba pamodzi kuti usankhule. Ameneyo analidi wa ku Africa kkkk.

Jekete
Amene ali ndi PDF aponye pano tione ngati a NaJere akunena zoona.

Adimini
A Jekete ayi. Pa gulu pano sitiponya mabuku obedwa, komanso otere. Ofuna akagule.

NaJere
Ndipo ogula a mawu aja, omvera m'makutu, samalani ndi Bluetooth. Ine tsiku lina ndikupita kukatenga apongozi anga ku siteshoni ya sitima, foni inalumikizana yokha ndi wailesi ya galimoto atangokhala pampando. Inayambira pomwe ndinasiyira usiku. Ndinabaya mabatani onse, mawaipa anayamba kupukuta galasi kopanda mvula, mawu osasiya. Apongozi anangoyang'ana kutsogolo, patapita kanthawi n'kunena kuti azungu nkhani zawo za pa wailesi n'zachilendo.

Tiya
Ndafa ine kkkkkkk

Mayi a Mvano
Mulungu amaulula zobisika, mwanawe.

Amake Chisomo
Mwandiseketsa pomwe ndinali ndi nkhawa. Ndiye ndimupatse chiyani m'malo mwake? Sindikufuna ndimuphe mtima wokonda kuwerenga. Ndikangoti ayi basi, akafuna kwa anzake, ndipo adzawerenga mobisa ngati mmene ife tinkachitira.

A Gama
Mupatseni ndakatulo ya Demeter ija. Ili pa intaneti m'Chingerezi, yaulere, chifukwa zomasulira zakale zilibenso mwini. Ndi yaifupi, ola limodzi watha. Koma musangomutumizira. Muwerenge naye, mokweza, wina ndime iyi wina inayo. Kenako mumufunse kuti wolakwa ndani. Mwana woti galu anamutcha Cerberus ayankha zomwe simukuyembekezera.

Tiya
Ndipo mumuuze chifukwa chenicheni. Musati ndi a satanic, adzadziwa kuti mukunama. Mungoti muli za kuchipinda zambiri, nthawi yake ikubwera, mabukuwo sathawa.

Amake Chisomo
Ndabweranso, anzanga. Dzulo magetsi atazima tinakhala pakhonde ndi foni, ndinachita monga a Gama ananenera. Poyamba anakwiya. Anati amayi, ndiye mwasanduka Demeter. Ndinati Demeter anaumitsa dziko lonse, ine ndangokana mabuku awiri. Anaseka pang'ono koma nkhope ili yomanga.

Tinawerenga. Chingerezi chake n'chakale, pena tinkapunthwa. Titafika pomwe mayi uja akuthamanga kukakumana ndi mwana wake, n'kumukumbatira, kenako mwadzidzidzi mtima n'kumugunda n'kufunsa kuti mwanawe, kodi sunadye kanthu kumeneko, ine mawu anandithera. Ndi funso lomwe ndimamufunsa akachokera kulikonse, mawu ake okha ndi osiyana. Anamaliza yekha ndimeyo.

Nditamufunsa kuti wolakwa ndani, anati Zeus, mosaganiza kawiri. Kenako anati koma amayi, mwaona kuti palibe anamufunsa Persephone ngati akufuna kukhala kuti? Hades sanamufunse, Zeus sanamufunse, amake omwe sanamufunse. Ndinalibe yankho. Ndinangoti tikagone.

Za Webtoon ija NaJere munalondola, anaimaliza kalekale pa foni ya mnzake.

Tiya
Mwanayo mumulowetse pa gulu pano akakwanitsa 18, ndikufuna wondithandiza kulimbana ndi a Gama.

A Gama
Ndagonja kale. Funso limenelo ine ndinalimva koyamba kwa mphunzitsi ku Zomba, iye walipeza yekha pakhonde magetsi atazima.

Amake Chisomo
Vuto latsala limodzi. Ndawaimbira azakhali ake m'mawa uno, akuti anagula kale onse awiri sabata yatha, ndipo lisiti anataya.

Mayi a Mvano
Abwere nawo kuno, mbaula ndili nayo.

NaJere
Mayi a Mvano dikirani kaye, ndi ndalama zimenezo. Amake Chisomo, muli ndi sutikesi ya loko?

Amake Chisomo
Ilipo, ija ndimasungira zitenje za ukwati. Kiyi amakhala m'chikwama changa.

NaJere
Ikani mmenemo. Ndipo mukadzatsegula kuti muone ngati njenjete sizinalowe, muyambe ndi la 2019 lija, n'lofatsako.